Laputopu Yokhomedwa ndi Misomali

Rahab NyaHarawa anali ndi lamulo limodzi pa moyo wake, ndipo sanaliwerenge m'buku ayi: chonyamulika chimapita.

Analiphunzira sabata imene anaika mwamuna wake m'manda. Abale a malemu anabwera akulira mokweza kuposa iye mwini maliro, ndipo atangopukuta misozi, manja awo anayamba kuyabwa. Wailesi inapita. Njinga inapita. Makina osokera, amene Rahab anagula ndi thukuta lake, anachoka ali pamutu pa mkazi wina amene mpaka lero sadziwa kulowetsa ulusi pa singano. Ngakhale ambulera yothyoka nthiti ziwiri, anthu akuluakulu ometa ndevu anaipana m'khwapa. Chinatsala ndi bedi basi. Osati chifukwa cha chisoni. Bedilo analikhomera m'chipinda momwemo, ndiye linakana kutuluka pakhomo. Analiyesa chopingasa, analiyesa choimika, thukuta kamukamu, kenako anati, "Ili tikusiyireni mlamu, muzigonapo." Ngati mphatso!

Amene anakhoma bedilo ndi yemweyo amene ananyamula wailesi: Hezron Kumwenda, mng'ono wa malemu, kalipentala wa pa Bolero. Chiyambire tsiku limenelo, akakumana ndi Rahab pamsewu ankapereka moni akuyang'ana zala za kumapazi.

Chinthu china chimene abalewo sanathe kunyamula chinali ntchito. Rahab ankatayipa pa sukulu ya sekondale yoyendera, kuseri kwa Bolero, kumene msewu umatha n'kuyamba minda ya fodya. Sanali wa boma. Anamulemba ndi komiti ya makolo, ndipo komiti imene yakulemba lero ikhoza kukuuza mawa kuti ukapume. Anayamba ndi taipulaita, kenako kunabwera kompyuta, ya kale ija: chibokosi pansi pa tebulo, chisikirini chamsana pamwamba, nthambo zambirimbiri ngati mizu ya kachere. Kuti uisunthe pamafunika amuna awiri ndi wachitatu wolalata. Rahab anaikonda chifukwa cha kulemera kwakeko. Anailukira nsalu yoyera ya ulusi, ankaipukuta m'mawa uliwonse, ndipo aliyense wofuna kalata, kaya mphunzitsi kaya kholo, ankabwera n'kuima patsogolo pa tebulo lake manja ali kumbuyo.

Ndiye m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, chibokosi chinatsokomola kawiri, chinanunkha ngati tayala lopsa, n'kufa.

Patapita milungu iwiri kunabwera Monalisa, mtsikana amene anaphunzira pasukulupo ndipo tsopano amagwira ntchito ku Lilongwe. Anabweretsa mphatso: laputopu yakuda, yogwirapo kale ntchito koma yamoyo. Anaiika patebulo ndi dzanja limodzi. Dzanja limodzi!

A hedi, a Akuzike Chimbalanga, anaisisita ngati mwana wa mbuzi. Kwawo kunali ku Thyolo, ndipo pa zaka zitatu zimene anakhala ku Rumphi anatola mawu awiri a Chitumbuka, yewo ndi chomene, amene ankawathira paliponse ngati mchere.

"Yewo chomene, yewo chomene," anatero. Kenako anatembenukira kwa wapampando wa komiti, a Laws Msowoya, mkulu wa mpingo amene anapuma ntchito ku chipatala cha mishoni. "Mwaona, bambo Msowoya? Iyi ndiye yoyenda nayo. Kunyumba, ku boma, kumsonkhano. Masiku ano munthu amadzitayipira yekha, atakhala pakhonde, tiyi ali apo."

A Msowoya anayang'ana laputopu, anayang'ana Rahab, n'kukonza magalasi. "Tiona temu ikamatha," anatero.

Rahab si mwana. Anamva zonse, zonenedwa ndi zosanenedwa. Laputopu ikakalowa m'chikwama cha a hedi, tebulo likhala lopanda kanthu. Tebulo likakhala lopanda kanthu, komiti iyamba kufunsa kuti mayi uja amakhalira chiyani pampando tsiku lonse.

Akuluakulu atatuluka kukajambulitsa chithunzi, Rahab anakoka Monalisa pamkono.

"Iwe mwana, maso angawa ndi akale. Tizilembo iti n'tating'ono ngati nsabwe. Sungalumikize ku chisikirini changachi?"

"Zimatheka, mama."

Monalisa anazula nthambo ku chibokosi chakufa n'kuzilowetsa m'mbali mwa laputopu: ya sikirini, ya kiyibodi, ya mausi, ya pulinta. Anadinadina, n'kutseka chivindikiro, ndipo zolemba zinaonekera pa chisikirini chakale ngati palibe chinachitika.

"Muzingoigwiritsa ngati kompyuta yanu ija. Ndipo ubwino wake, magetsi akazima, mungotsegula chivindikirochi. Batire limakhala maola anayi."

"Wauzako ndani zimenezi?"

"Palibe, mama."

"Usavutike. Ndiwauza ndekha," anatero Rahab.

Loweruka m'mawa anapita ku shedi ya Hezron. Anam'peza akupala thabwa, pensulo ili kukhutu.

"Monire, mlamu," anatero Hezron, maso ali pa zala za kumapazi.

"Wailesi ikulira bwino?"

"Aa, mlamu, zakale zimenezo..."

"Zakale kwa inu. Tengani hamala ndi misomali. Yaitali ija."

Hezron anatsatira ngati mbuzi ya pachingwe. Atafika mu ofesi n'kumva ntchito yake, anachotsa chipewa n'kukanda pamutu.

"Mlamu, ine ndakhomapo mabokosi a maliro, ndakhomapo zigafa, koma makina a azungu..."

"Sindinati muboole makinawo, mutu wanu. Mukhome matabwa m'mbali monse, aigwire ngati goli. Mukhome monga munakhomera bedi lija. Pa ntchito zanu zonse, ndi lokhalo limene linandithandiza."

Hezron ali ndi zoipa zake, koma ntchito amaidziwa. Anadula timatabwa ta mlombwa, anatipala, anasiya mipata ya nthambo ndi ya mpweya, anapaka guluu, kenako anakhoma misomali isanu ndi itatu kuchokera pamwamba n'kuipinda kunsi kwa tebulo. Chivindikiro chokha ndi chimene chinkatseguka. Rahab anakoka ndi manja awiri, tebulo lonse linabwera. Anatenga nthambo imodzi yopanda ntchito, anailowetsa kumbuyo kwa chibokosi chakufa, mbali inayo n'kuibisa kuseri kwa laputopu. Pamwamba anayala nsalu yoyera ija, n'kuikapo kabotolo ka maluwa apulasitiki.

Lolemba a hedi analowa ndi chikwama chatsopano, cha zipi zitatu, chogula dala. Anachotsa maluwa, anachotsa nsalu, anagwira laputopu kuti anyamule. Tebulo linadzuka ndi miyendo iwiri.

"Mayi NyaHarawa! Ichi n'chiyani?"

"Akuba, bwana. Simunamve za ku sukulu ina ija? Analowa masana, anthu ali ku asembule."

"Koma ndiye laputopu imeneyi tiziyenda nayo bwanji?"

"Muyenda nayo kuti? Batire lake ndi lakufa. Zinthu za kaunjika izi, bwana. Ndiponso makalata onse a sukulu ali m'chibokosi umu. Simukuona nthambo? Iyi imangoyamwa kwa mayi wakeyo. Mukaisiyitsa bere mudzalemba nokha mayina a ana onse kuyambira chaka chimene munali ku Thyolo."

A hedi anawerama, anaona nthambo ikulowa m'chibokosi, anagwedeza mutu. Amuna ambiri ophunzira ali choncho: kuvomera kuti sadziwa kanthu pamaso pa mkazi wa sitandade eyiti, bola kufa. Ndipo tsiku lomwelo magetsi anam'thandiza Rahab. Cha m'ma leveni koloko anazima, chisikirini chinachita bii.

"Mwaona?" anatero Rahab, akutulutsa zoluka zake m'kabati. Pansi pa nsalu laputopu inali ikupuma mwakachetechete, yamoyo ngati mwana wogona.

"Yewo chomene," anatero a hedi mofooka, n'kukaika mabuku a Jogalafe m'chikwama cha zipi zitatu.

Zinayenda bwino miyezi iwiri. Makalata ankatuluka, mayeso ankatayipidwa, anthu ankaima patsogolo pa tebulo manja ali kumbuyo. Magetsi akazima ofesi inkatseka pakamwa, Rahab n'kuluka. Lamlungu ku tchalitchi, mbusa akafika pa lamulo la umboni wonama, iye ankayang'ana a Msowoya, a Msowoya ankayang'ana m'buku la nyimbo, basi.

Kenako inafika nthawi yotumiza mayina a ana a Fomu 4 ku bungwe la mayeso. Masiku ano mayina satumiza pa basi. Umalowa pa intaneti, umalemba mwana mmodzimmodzi, dzina, tsiku lobadwa, maphunziro amene adzalembe, ndipo tsiku lotseka likakwana, folo koloko, khomo limatsekeka lokha, palibe wom'dandaulira. Rahab anakumbutsa a hedi katatu. A hedi anati mawa, anati ndikuonanso mndandanda, anati mawa. Lachiwiri kunagwa chimvula, mphenzi inamenya nsanja ya netiweki imene inkafika pawindo la ofesi, ndipo mafoni onse a m'deralo anasanduka matochi. Lachitatu kunalibe. Lachinayi kunalibe. Lachisanu, tsiku lotseka, kunalibe.

Pofika wani koloko, a hedi anali atazungulira tebulo maulendo osawerengeka, foni ili m'mwamba ngati akudalitsa denga. A Msowoya anabwera ndi ambulera yawo n'kukhala pa benchi. Anabweranso Hezron, utuchi uli m'tsitsi, chifukwa mwana wake Ida anali mmodzi mwa ana makumi asanu ndi mphambu ziwiri a Fomu 4, ndipo mbiri inali itafika kale pa Bolero.

"Pikapu ya ku boma?" anafunsa a Msowoya.

"Inanyamuka m'mawa. Ina yatitimira pa dambo," anayankha Hezron.

"Pa Halo pokha ndiye pakugwira," anatero mlonda ali pakhomo.

Pa Halo ndi kaphiri ka kuseri kwa manda, mtunda wa theka la ola. Pamwamba pake pali chulu, ndipo ukaima pachulupo foni imagwira nsanja ina ya kutali. Anthu amakwera kumeneko kukaimbira ana awo a ku Joni, ndiye tsiku lonse pamangomveka halo, halo.

"Pa Halo pali magetsi?" anakalipa a hedi. "Makinawa batire lake ndi lakufa! Ndiye tinyamule chibokosi, chisikirini, tikalumikize ku chulu? Jenereta ili ndi ndani muno?"

Panalibe amene anali nayo. A hedi anakhala pansi n'kugwira mutu. Kunja, pansi pa mtengo wa mango, ana a Fomu 4 anaima m'timagulu, osasewera, osaseka, akungoyang'ana khomo la ofesi.

Rahab anali pampando wake, manja ali pamiyendo. Anayang'ana mndandanda. Ana onsewo ankawadziwa. Uyu mayi ake amagulitsa tomato. Uyu amayenda wapansi kuchokera kutsidya la mtsinje, nsapato zili m'manja. Uyu anabwerera kusukulu atasiya khanda kwa agogo ake. Akangokhala chete mpaka folo koloko, mlandu ukhala wa mphenzi ndi wa a hedi, iye mpando wake uli pomwepo. Akatsegula pakamwa, ndiye kuti wadziulula yekha pamaso pa wapampando wa komiti kuti ndi wabodza, ndiponso kuti makinawa safuna tebulo, safuna chibokosi, safuna iye.

Anatukwana mumtima. Anatukwana mphenzi, anatukwana a hedi ndi mawa wawo, anatukwana Monalisa ndi mphatso zake, anatukwananso malemu chifukwa chofa msanga. Kenako anadzuka.

"Sunthani miyendo, bwana."

Anawerama n'kuzula pulagi kukhoma. Chisikirini chinachita bii. Anachotsa maluwa, anachotsa nsalu, anatsegula chivindikiro. Laputopu inawala ngati mwezi.

A hedi anachotsa manja kumutu.

"Batire..." anayamba a hedi.

"Ndi lamoyo."

"Nanga chibokosi?"

Rahab anakoka nthambo yonamizira ija, inabwera yonse, mbali inayo ilibe polowa. Anachimenya chibokosi ndi chidendene. "Ichi chinafa Okutobala. Ndimangopondapo."

"Mayi NyaHarawa! Miyezi iwiri! Ine ndagula chikwama!"

"Mundichotse ntchito faifi koloko, bwana. Pano ndi hafu pasiti wani."

A Msowoya anatsokomola, kaya kunali kutsokomola kaya china. "Hezron, zula misomali," anatero.

Hezron anagwada, anasuzumira kunsi kwa tebulo, anadzuka akupukusa mutu. "Adada, ntchito iyi ndinaigwira ndi mtima wonse. Guluu, mlombwa, misomali yopinda. Kuti ndizule ndiyenera kumenya ndi hamala, ndipo ndikamenya, makinawa atsatira mayi wawoyo kumanda."

"Ndiye titani?"

Rahab anam'yang'ana mlamu wake kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anali atadikira zaka zisanu ndi chimodzi.

"Munanyamula wailesi. Abale anu ananyamula njinga. Lero nyamulani tebulo."

Linatuluka, koma Hezron anayamba wachotsa chitseko. Anagwira anayi: Hezron, mlonda, ndi aphunzitsi awiri, wa Masamu ndi wa Baibulo. Kunja kunali kukuwaza kamvula, ndiye Rahab anafunditsa laputopu pepala lapulasitiki, pamwamba n'kuyala nsalu yoyera ija. A Msowoya anayenda pambali atagwira ambulera pamwamba pa nsaluyo, iwo akunyowa. Kumbuyo kunali a hedi, nkhope ili gwa. Kumbuyo kwa a hedi kunali Rahab, mpando uli pamutu, mndandanda uli m'bulauzi. Ana a Fomu 4 anatsatira chapatali mwakachetechete.

Tsono taganizani. Amuna anayi anyamula chinthu pamapewa, chofunditsidwa nsalu yoyera, akuyenda pang'onopang'ono kuopa kugwedeza. Pambali pali mkulu wa mpingo. Kumbuyo kuli mayi wamasiye. Ndipo njira ndi ya kumanda.

Amayi amene ankapalira fodya anaika makasu pansi. Bambo wina wa panjinga anatsika n'kuvula chipewa. Pa chigayo anazimitsa injini. Mayi wina wa Umanyano, gulu la amayi a mpingo, anamanga chitenje bwinobwino, analowa pamzere n'kuyambitsa nyimbo ya maliro, anzake anailandira.

"Ndi mwana wa ndani?" ananong'ona wina kwa Rahab. "Kabokosi kakang'ono chomene."

"Wa a hedi," anatero Rahab osatembenuka.

Amayiwo anapita kukagwira a hedi dzanja mmodzimmodzi. A hedi, posadziwa chochita, ankangoti, "Yewo chomene, yewo chomene." Mpaka pamene gulu linadutsa manda osakhota, n'kuyamba kukwera phiri, m'pamene nyimbo inayamba kuchepa mphamvu, n'kuthera pakati pa vesi.

Anafika pa Halo itangodutsa thuu koloko. Anaimika tebulo pafupi ndi chulu, miyendo iwiri anaiikira miyala. Mphunzitsi wa Masamu anakwera pachulu atakweza foni ya a hedi, imene inkapatsira laputopu intaneti, ndipo anauzidwa kuti asatsitse mkono ngakhale nyerere zimulowe m'buluku. Rahab anatula mpando. Asanakhale, a hedi anakhalapo.

"Ndilemba ndekha," anatero. "Ndaona zokwanira lero. Bweretsani mndandanda."

Rahab anautulutsa, wofunda, n'kuupereka. Anapinda manja n'kuima kumbuyo.

A hedi anapinda malaya. Anatulutsa zala ziwiri, cha kumanja ndi cha kumanzere, n'kuyamba kusaka zilembo ngati nkhuku yosankha mapira mumchenga. Akapeza chimodzi ankachijompha n'kuyang'ana anthu. Gulu la maliro lija linali litazungulira tebulo, poti munthu ukasiya khasu n'kukwera phiri sungabwerere wopanda choona. Mwana woyamba anawatengera mphindi zisanu ndi chimodzi. Wachiwiri, atamaliza, anadina polakwika, zonse zinafufutika.

"Makina a kaunjika," anatero a hedi.

Itakwana firii koloko anali atalemba ana asanu ndi anayi. Rahab anasuzumira pakona pa sikirini, pa kachizindikiro ka batire. Maola anayi a Monalisa anali a pakamwa. Batire linali lokalamba, linali litadya kale njira yonse, ndipo tsopano linali litatsika kupitirira theka. Bodza lake lija linali kusanduka zoona pamaso pake.

Anangoluma mlomo. Kenako anaona a hedi akutenga cholembera n'kukhwatcha mzere pa mndandanda.

"Mwakhwatcha chiyani?"

"Mwalemba kawiri, mayi. Ida Kumwenda, Ida Kumwenda. Ntchito yanu imeneyi. Bodza ndi ulesi zimayendera limodzi."

"Ndi awiri."

"Dzina limodzi, chaka chimodzi, kalasi imodzi?"

"Ndi awiri, bwana! Wina ndi wa kuchigayo, wamtali, amalemba Agirikacha. Wina ndi wa mbava iyi yanyamula tebuloyi, wamfupi, amalemba Fizikisi, anabadwa mwezi wa Juni, ine ndinam'sambitsa ndi manja awa. Amene mwam'khwatchayo ndi wa Hezron."

Hezron analira ngati wapondedwa ndi ng'ombe. "A hedi! Mwana wanga! Zaka zinayi!"

"Ndipo mukafika kumunsi mupeza a Mtende Gondwe atatu," anapitiriza Rahab. "Mmodzi ndi mtsikana. Mundiuze ndi uti."

A hedi anayang'ana pepala. Anayang'ana gulu. Mayi wa Umanyano uja anati, mokweza bwino, "Apatseni mama mpando, a hedi, tisaimbenso nyimbo ina pano."

A Msowoya anaweramira kukhutu kwa a hedi. "Bwana Chimbalanga, kuchipatala tinkati dokotala ndi dokotala, koma mtsempha amaupeza ndi nesi. Dzukani."

Anadzuka.

Rahab anakhala, anakoka mpando, anapukuta manja pachitenje. Kiyibodi ya laputopu anali asanaigwirepo, inali yopanikizana, ndipo pa mwana woyamba zala zake zinaterereka kawiri. Anaitukwana m'Chitumbuka. Inamva. Kuyambira pamenepo panangomveka phokoso ngati matalala padenga la malata. Mndandanda sankauyang'ana kwenikweni, ankangoitana.

"Jimmy Mhango! Uli kuti? Baibulo unasiya kapena ukulemba?"

"Ndikulemba, mama!"

"Ulembe, mwina ungasinthe. Flossie Chirambo!"

Mkono wa mphunzitsi wa Masamu unayamba kunjenjemera, wa Baibulo anakwera pachulu kukaugwirira. Kamvula kanabweranso, a Msowoya anatsitsa ambulera mpaka kukhudza duku la Rahab. Pa mwana wa makumi anayi kachizindikiro ka batire kanafiira. Pa wa makumi anayi ndi mphambu zisanu ndi zitatu laputopu inalemba chenjezo, Rahab analichotsa ngati ntchentche. Ida wa Hezron anam'siya dala. Anam'lemba womalizira, pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi, akumuyang'ana mlamu wake amene anali atagwada m'matope, chipewa chili pachifuwa.

Anadina potumiza. Kanthu kanazungulira, kanazungulira, kanazungulira. Kenako kunabwera mawu obiriwira akuti mayina makumi asanu ndi mphambu ziwiri alandiridwa. A hedi anajambula ndi maso, mphunzitsi wa Masamu anatsika n'kujambula ndi foni. Pasanathe mphindi, sikirini inachita bii. Nthawi inali isanakwane folo koloko ndi mphindi zisanu ndi ziwiri.

Amayi anaimba nthungululu. Nyimbo ija anaiyambanso, koma mothamanga, akuwomba m'manja.

Rahab sanaseke. Anatseka chivindikiro, anayala nsalu yake, anaima. "Faifi koloko yatsala pang'ono, bwana. Nenani zanu pompano, ndisavutike kutsika ndi mpando."

A hedi anayang'ana a Msowoya. A Msowoya anapukuta magalasi nthawi yaitali.

"Bodza ndi bodza, NyaHarawa," anatero. "Lamlungu mubwere msanga, tikambirane ku vesitile. Misomali izulidwa mawa, pang'onopang'ono, ndi sowo, osati hamala. Makina oyenda aziyenda." Anatembenukira kwa a hedi. "Koma komiti singapereke makina kwa munthu amene amakhwatcha ana. Pepani, bwana Chimbalanga. Kumene apite makinawa, mayiwa apita nawo. Ku boma, kumsonkhano, pa Halo. Ndipo poti akuba munawatchula aja alikodi, azigona kunyumba kwa mayiwa."

A hedi, poti pansi pa zonsezo si munthu woipa, anaseka mpaka kugwira tebulo. "Mwana wa a hedi! Ndalandira chipepeso cha mudzi wonse!" Anapukuta misozi. "Chikwama chija mukatenge, mayi. Koma magetsi akazima, zoluka zija ndisazionenso."

Pamenepo ndiye Rahab anamva kuwawa. Juzi ya mdzukulu wake inali itatsala mkono umodzi.

Loweruka Hezron anadula matabwa aja ndi sowo, akulira ntchito yake. Madzulo dzuwa lisanalowe, Rahab anaika laputopu m'chikwama cha zipi zitatu, koma zingwe zake sanazikhulupirire, ndiye anachibereka kumbuyo ndi chitenje, n'kumanga mfundo ziwiri pachifuwa. Anayenda choncho kudutsa pa Bolero, anthu akufunsa ngati mwana wa a hedi wachira. Atafika, anaima pakhomo pake kanthawi. Zaka zisanu ndi chimodzi, katundu ankangotuluka pakhomo limeneli. Analowa, anamasula chitenje, anaigoneka pakati pa bedi.

Atatuluka anapeza Hezron ali pabwalo, atanyamula chinthu chokulunga m'thumba la feteleza.

"Mlamu, ndimati... inangokhala kwathu kuja."

Rahab anamasula thumba. Wailesi. Mlongoti wothyoka, chotsekera mabatire palibe, mkati mphemvu zitamanga mudzi. Anapotokola. Zii.

"Yakufa," anatero.

"Enya, mlamu. Inafa chaka chomwecho."

Rahab anaitembenuza uku ndi uku, anaipukuta ndi nsonga ya chitenje, anaipana m'khwapa.

"Njinga ili kwa ndani?" anafunsa.